Za Mau a Cingerezi a pa Mseu ndi Kulemera Kwace

Mphunzitsi ali yense adziwa kuti liu liri ndi tanthauzo lace. Koma si onse akumbukira kuti liu lirinso ndi kulemera kwace. Pamenepa aphunzitsi ambiri a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa apunthwa. Mwana wina alangidwa cifukwa ca liu lopanda coipa, ndipo mnzace wonena liu loopsa apita kwao wosadzudzulidwa, popeza mphunzitsi sanalizindikire. Cifukwa cace tifuna kulongosola ena a mau a Cingerezi amene amveka m'miseu ya Blantyre, kuti abale athu aweruze molungama.

Tiyambe ndi mau opepuka. Aise licokera ku "I say", mau amene Mngerezi ananena pofuna kuti mnzace amchere khutu. Mulibe kutukwana m'menemo. Kulakwa kwace nkwakuti mwana aitane nalo munthu wamkuru. Shapu ndilo "sharp", lonena za mpeni wakuthwa, koma pa mseu litanthauza kuti zonse ziri bwino. Geni ndilo "gain", phindu, ndipo amai ocita geni mumsika wa Ndirande alibe ca kucita naco manyazi. Dilu, locokera ku "deal", likayikitsa pang'ono, pakuti kawirikawiri linunkha za mseri. Alipo enanso otembenuzidwa: mnyamata akati nyimbo iri "sick" kapena "wicked" aiyamika ndithu, ngakhale m'buku mauwo anena za kudwala ndi za kuipa mtima.

Kutukwana kwa Angerezi akale kunali kwa mtundu wina ndi kwathu. Ife tikatukwana tichula ziwalo zobisika ndi makolo a munthu. Iwo anachula zinthu za Mulungu. "Damn" litanthauza kuweruzidwa ku cilango cosatha, ndipo "hell" ndiwo malo a cilangoco. Anthu oopa kuchula Dzina pacabe analipotoza, nanena "gosh" m'malo mwa God, ndi "gee" m'malo mwa Jesus. Alaliki adziwe ici, pakuti ana anena mau awa osadziwa kumene acokera. "Bloody" linali lolemera kwambiri, kotero kuti litamveka m'sewero la George Bernard Shaw lochedwa Pygmalion ku London m'caka ca 1914, manyuzipepala anacita nalo phokoso. Lero lapepuka kwao. Kwathu linatsala m'liu lija buladifulu, ndilo "bloody fool", citsiru ceni ceni, limene agogo athu analimva kwa akapitao ndi mabwana pa nchito.

Liu la "bastard" liyenera kuti tikhalepo pang'ono, cifukwa litionetsa kuti citonzo cimera pa mwambo. Tanthauzo lace ndi mwana wobadwa kunja kwa ukwati. Ku England cuma ndi dzina zinatsata atate, ndipo mwana wotere analibe colowa pa lamulo lakale. Kumchula motero kunali kumuuza kuti alibe pace. Koma pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, amene acuruka kuno, mwana ali wa mbumba ya amai ace, ndipo amalume ace amsunga, angakhale atate adziwike kapena ai. Motero mwana wa ku Machinjiri aponya liuli monga ngati anena "wopusa", osadziwa kuti kwa eni ace anyoza nalo amai a munthu. Momwemonso "bitch" m'buku ndi garu wamkazi, koma ponena za munthu liri citonzo coipitsitsa kwa mkazi, ndipo tiyesa kuti mphunzitsi asalilekerere ngakhale m'maseka.

Si mau onse oyesedwa Cingerezi ali Cingerezi. Fotseki ndi "voetsek" la Cibunu, liu lopitikitsira garu, ndipo cifukwa cace lipweteka munthu. Amuna ambiri a dziko lino anapita ku migodi ya ku Joni m'dzanja la Wenela, kufikira boma linaletsa ulendowo m'caka ca 1974, ndege yonyamula anchito itagwa ku Francistown. Ndipo pobwera anadza ndi masutikesi, zipewa ndi mau otere. Dzina la Wenela likali pa malo okwerera mabasi m'Blantyre. Liu la hule nalonso liri pa cibale ndi "hoer" la Cibunu ndi "whore" la Cingerezi.

Atsala mau aja a zilembo zinai, onena za kugonana ndi za kucimbudzi, amene sitiwasindikiza pano. Eni ace omwe anawaopa: buku lalikuru lomasulira mau la Oxford, limene linatha kusindikizidwa m'caka ca 1928, linasiya awiri oipitsitsa, ndipo analowamo m'caka ca 1972. Tsopano ana awamva tsiku ndi tsiku m'mafilimu ndi m'nyimbo za pa foni, nayesa kuti ndico Cingerezi ca anthu ozindikira. Liu la cilendo siliwawa m'kamwa monga la kwanu. Mwana amene sangathe kulaula m'Cinyanja pamaso pa akuru alaula m'Cingerezi wosaphethira. Bvuto lidza pamene anyamula mauwo kunka nao kofunsira nchito. Kukwapula sikuthandiza kweni kweni pano. Cimene taona kuti cigwira ndico kumtengera mwanayo pambali, kummasulira liulo m'cinenero cace, ndi kumfunsa ngati angalinene pamaso pa amalume ace.

Koma liu limene tifuna kuti alaliki alichere khutu koposa liribe maonekedwe a kutukwana konse. Ndilo "blesser", limene linafala kucokera ku South Africa m'caka ca 2016. Tsinde lace ndi "bless", kudalitsa, ndipo wolimva koyamba angayese kuti linena za munthu wacifundo. Litanthauza mwamuna wa ndarama amene apatsa mtsikana foni, zobvala kapena fizi kuti agone naye. Akale anati "sugar daddy". Mtsikana wa m'kalasi akamveka kuti wapeza blesser, mphunzitsi aitane amai ace ndi alangizi sabata lomwelo.