MTIMA UKHALA PANSI MVULA IKATHAWA

Kwa Mfumu Ndake, m'boma la Nyimba, caka cikakoma munthu sakhala cete. Nkhokwe zadzala, nthoci zigulidwa pamseu waukulu wa Great East, ndipo madzulo ndi a ng'oma ndi mowa. Wokhuta alibe mpata wodzifunsa mafunso.

Mu 2024 mvula inadula cimanga cisanakhwime. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupi-fupi miliyoni imodzi a cimanga anapserera. M'caka cotere mlimi wa kucigwa ca Luangwa wacita zake zonse. Walima, wabzala, wapalira, mwinanso wathira feteleza wa ngongole. Khasu lilibenso nchito, pakuti cosowaco sicili m'manja mwa munthu. Ndiye akhala pansi pa mtengo, kapena m'nyumba ya mapemphero pakati pa sabata, nayamba kusinkhasinkha.

Makolo a Ansenga anali ndi malo ake a zimenezi: kawimba, kanyumba kakang'ono koperekerapo nsembe kwa mizimu. Dzinali ndilo la mwambo wa Tuwimba, umene ucitika kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo ku Petauke mu October, mwezi wa dzuwa loopsa, pamene mbeu zisanalowe m'nthaka ndipo maso onse ali kumwamba.

Ngakhale Boma lidzera njira yomweyo. Mu 2015 Kwacha inagwa mphamvu, madzi anacepa ku Kariba, magetsi nazima-zima. Pulezidenti Edgar Lungu anapatula 18 October kukhala tsiku la kupemphera ndi kusala kudya. Mipira inaimitsidwa ndipo eni mabala anapemphedwa kutseka. Tsikulo silinabadwe m'caka ca zokolola zocuruka. Ena anatsutsa, nati pemphero silidzaza damu, ndipo mau awo sanali opanda pake.

Komabe cete wa m'mudzi ali ndi nchito imene otsutsawo saiona. Mantha afulumizitsa munthu: agulitsa ng'ombe pa mtengo wa mbuzi, kapena asinja mbeu yosungira dzinja likudzalo. Amene wayamba wakhazika mtima pansi awerenga matumba otsala, awerenganso pakamwa pa ana ndi miyezi yofikira ku March, ndipo pamenepo asankha cogulitsa ndi cosunga.