Ulendo Wokaphunzira Mbiri Yakale: Chitsanzo cha ku Likoma

Kaŵirikaŵiri mphunzitsi akapita ndi ana kukaona malo a mbiri yakale, amabwerako ndi ana otopa amene sangathe kufotokoza chimene aona. Cholakwa sichikhala cha anawo ayi. Ulendo wotere ndi phunziro, ndipo tiyenera kuukonzekera monga timachitira ndi phunziro lina lililonse. Titenge chitsanzo cha tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa chilumba cha Likoma.

Tisananyamuke, ana aone pa mapu kuti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malaŵi ngakhale zazingidwa ndi madzi a Mozambique. Tifunse kuti, "Kodi zimenezi zidatheka bwanji?" Yankho tisapereke msanga. Ana alisunge funsolo kufikira atamva za amishoni a UMCA, amene adakhazikika pa chilumbachi m'chaka cha 1885, Angelezi asanakhazikitse ulamuliro wawo m'dziko muno mu 1891.

Tikafika, tisachulutse mawu. Nkokwanira kunena kuti Bishopu Trower adaika mwala wa maziko mu 1903, ndipo tchalitchichi chidapatulidwa mu 1911. Zotsalazo ana adzifufuzire okha m'magulu. Ena ayese utali wa khoma poŵerenga mapazi. Ena afunse akuluakulu a mpingo kumene miyala idachokera ndi amene adaisenza. Enanso apeze mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, kumene David Livingstone adamwalira mu 1873.

Pali mfundo imodzi yofunika kusamala. Malo amene padamangidwa tchalitchichi amatchedwa Chipyela, chifukwa kale anthu oganiziridwa ufiti ankatenthedwa pamenepo. Nkhaniyi tisaibise, komanso tisaisandutse nthabwala kapena chida chonyozera makolo akale, pakuti ena mwa ana athu ndi zidzukulu za anthu omwewo. Tiwathandize kulingalira za kuopsa koweruza munthu popanda umboni.

Pobwerera m'kalasi, gulu lililonse lifotokoze zimene lapeza, lijambule, ndi kulemba m'makope. Pamenepo tibwerere ku funso la pa mapu lija. Ana akaliyankha okha, tidziŵe kuti ulendo wapindula.

Si tonse tidzaphunzitse ku Likoma, koma sukulu iliyonse ili pafupi ndi manda a mfumu, msika wakale kapena mishoni. Njira yake ndi yomweyi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Tiphunzitse ana athu kudekha poona.