Dziwe la Pamwamba pa Nthaka Lifuna Cipupa Colimba

Kumene nthaka ili ya miyala, monga m'tsinde mwa mapiri a ku Chipata, kukumba dziwe la nsomba kapena la madzi othirira ndiwo ndi nchito yothyola makasu. Cifukwa cace mlimi angasankhe kumanga dziwe la njerwa pamwamba pa nthaka.

Koma dziwe lotere lilibe dothi lolicirikiza m'mbali. La mamita 2 m'litali, 2 m'lifupi ndi mita 1 kuya limalowa malita 4,000 a madzi, olemera ngati matumba 80 a simenti. Madziwo amakankha kwambiri kunsi kwa cipupa, ndipo ming'alu imakonda kuyambira m'ngondya. Cipupa cikaphulika usiku, nsomba, mbeu za m'dimba ndi ndalama za simenti zimapitira limodzi.

Mmisiri wodziwa amayamba ndi maziko a konkire pa nthaka yotsendereza bwino. Amamanga ndi njerwa zoocha, ziwiri m'mimba mwa cipupa, nayala waya pakati pa mizere ya njerwa, kumpinda m'ngondya osamdula. Dziwe lozungulira ngati nkhokwe limaposa, popeza lilibe ngondya.

Pomata m'kati, fosholo imodzi ya simenti ipite ndi zitatu za mcenga, ndipo pomatapo pazithiridwa madzi masiku 7. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya mtima. Simenti yatsopano imapha nsomba, motero dziwe lidzazidwe ndi kukhuthulidwa kangapo nsombazo zisanalowe. Pa mudzi wa ana ang'ono, mpanda ukhale utatha madzi asanathiridwe.