Khirisimasi: Chimwemwe ndi Misozi m'Nyumba Imodzi



Lero tikambirane nkhani imene ambiri timaibisa. Mwezi wa Disembala mtima sukhala pamodzi. M'mawa timaimba nyimbo za kubadwa kwa Yesu mokondwa, madzulo timapukuta misozi kuseri kwa nkhokwe. Ena timafika podzifunsa ngati chikhulupiriro chathu chazirala. Sichinazirale ayi. Zimenezi zili ndi zifukwa zake, ndipo tikazidziwa, katundu amapepuka.

Chifukwa choyamba ndi nthawi imene Khirisimasi imatipezera. Kwathu kuno imafika pakati pa dzinja. Chimanga chimene tinakolola mu Meyi ndi Juni chatsika m'nkhokwe, chatsopano chikadali chaching'ono m'munda. Udzu ukufuna kupalira, feteleza wobereketsa akufunika, malungo nawo ayamba kugwetsa ana. Pamwamba pa zonsezi ana akuyembekeza mpunga ndi nkhuku, ndi kamalaya ka salaula. Kutsogoloku Januwale akubwera ndi mayunifomu, nsapato ndi makope. Kholo lotopa, lokhala ndi ndalama imodzi yofunika malo asanu, silichedwa kupsa mtima. Ndiye chake mikangano ya m'banja imachuluka m'masiku omwe timalalikira za mtendere.

Chachiwiri ndi kudziyerekeza ndi anzathu. Ana a aneba afika kuchokera ku Lusaka kapena ku Kopala ndi matumba a shuga ndi mafuta ophikira, pomwe wathu sanabwere, ngakhale foni sanaimbe. Mtima umawawa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena mwa obwera ndi katunduwo anachita kukongola, ndipo wosabwerayo mwina akuchita manyazi kufika chimanjamanja.

Chachitatu ndi malo otsala pamphasa. Tsiku la chisangalalo ndilo limatikumbutsa amene anatisiya. Mayi wamasiye amatha kuyenda bwino chaka chonse, koma pogawa nyama pa 25 Disembala, dzanja limaima pofika pa nthuli imene ankapatsa amuna ake. Kulira kotero si kukayikira Mulungu. Ndi chikondi chimene chasowa wochilandira.

Chachinayi chimabwera phwando likatha. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo akapita, pakhomo pamati zii, thumba lili pululu, khasu likudikira. Mtima umene unakwera kwambiri umatsikanso kwambiri.

Tsono tiyeni tione Khirisimasi yoyamba. Nayonso sinali ya chimwemwe chokhachokha. Mu Luka 2 timawerenga kuti Yosefe ndi Mariya anayenda kuchokera ku Nazarete kupita ku Betelehemu, ulendo wa makilomita oposa 100, mayiyo ali woyembekezera, ndipo mwana anagonekedwa modyera ziweto. Popita naye ku Kachisi anapereka nsembe ya mbalame ziwiri, imene Levitiko 12 amaloleza kwa amene sangakwanitse nkhosa. Kumeneko nkhalamba Simeoni, atatha kuyamika Mulungu, anachenjeza Mariya za ululu umene unali kumudikira. Mu Mateyu 2, anzeru a kum'mawa atangochoka ndi ulemu wawo wonse, banjalo linathawira ku Igupto usiku, ndipo amayi a ku Betelehemu anatsala akulira ana awo ophedwa ndi Herode. Mipingo yambiri imakumbukira Stefano, woyamba kufera chikhulupiriro, pa 26 Disembala, ndi ana a ku Betelehemu aja pa 28. Yesu sanadikire kuti zinthu zikhale bwino kuti abadwe. Anabwera m'nyumba yofanana ndi zathu.

Nanga tichite chiyani?

Tikhale pansi ngati banja tsiku lisanafike, tiuze ana zoona za zimene tingakwanitse. Mwana amapirira bwino akauzidwa msanga kusiyana ndi kulonjezedwa zosachitika. Tisagulitse feteleza kapena chimanga chotsala chifukwa cha chakudya cha tsiku limodzi, pakuti Febuluwale sanafike. Nsima ya bowa yodyedwa mwamtendere ndi Khirisimasi ndithu.

Tisaope kutchula maina a amene anamwalira. Tiwakumbuke m'pemphero la pabanja, ndipo wofuna kulira timulole alire.

Tisamize chisoni mu mowa. M'mawa chisonicho chimakhala chilipobe, ndalama zokha ndizo zapita.

Tiyang'ane m'mudzi mwathu: ndani adye yekha chaka chino? Agogo olera adzukulu, wodwala wogona, mayi amene wangoika maliro. Chipanda cha thobwa ndi kukhala naye pang'ono zimachiritsa onse awiri, wopatsa ndi wolandira.

Pomaliza, tisiyanitse chisoni chodutsa ndi chisoni chokhazikika. Ngati m'bale watha masabata awiri kapena kuposa osagona bwino, osafuna kudya, osafuna kuona anthu, kapena akulankhula zoti kuli bwino kufa, tisamuseke, tisamusiye yekha. Tidziwitse akulu a mpingo, ndiponso timuperekeze kuchipatala. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga malungo, ndipo pemphero ndi chipatala sizilimbana.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu munabadwira m'umphawi ndipo mukudziwa za m'nkhokwe ndi za m'mitima yathu. Khalani ndi oseka, khalaninso ndi olira. Tipatseni maso oona mnansi amene ali yekha, ndi miyendo yopita kwa iye. Amen.