Chiwongola Dzanja Chikakwera, Masheya Amalowera Kuti?

Mu 2022 mitengo ya zinthu inakwera kwambiri ku America, banki yaikulu ya dzikolo inakweza chiwongola dzanja, ndipo masheya anagwa. Mu 2023 mitengo ya zinthu inakwera koposa pamenepo ku Malawi, banki yaikulu inakwezanso chiwongola dzanja, koma masheya anakwera modabwitsa. Amene amamva nkhani zachuma pa wailesi ali ndi chifukwa chomveka chosokonezekera. Mafunso otsatirawa ndi amene amabuka munthu akaika nkhani ziwirizi pamodzi.

Funso: Kodi banki yaikulu imachita chiyani kwenikweni mitengo ya zinthu ikamakwera?

Yankho: Banki yaikulu siigulitsa chimanga kapena sopo, ndipo siingalamule wamalonda kuti atsitse mtengo. Chimene ili nacho m'manja ndi mtengo wa ngongole. Ndiyo imakhazikitsa chiwongola dzanja chimene mabanki amayendera akamabwereka ndalama, ndipo chikakwera, mabankiwo amakwezeranso makasitomala awo. Mwini chigayo amene amafuna ngongole yogulira injini yachiwiri amayamba wadikira. Kampani imaimitsa kaye zomanga fakitale ina. Amene ali ndi ndalama amaona kuti kusunga kwayamba kupindulitsa kusiyana ndi kugula. Ogula akachepa pamsika, ogulitsa amaleka kukweza mitengo mwachisawawa.

Zimenezi sizichitika lero ndi lero. Pamapita chaka kapena kuposerapo kuti zotsatira zioneke bwino, ndipo zimapweteka anthu. Paul Volcker atayamba kutsogolera Federal Reserve, banki yaikulu ya America, mu 1979, anakweza chiwongola dzanja mpaka kufika pa 20 peresenti. Kukwera mitengo kwa zinthu, kumene kunapitirira 14 peresenti mu 1980, kunatsika kufika pansi pa 4 peresenti mu 1983. Koma kumapeto kwa 1982, anthu 10.8 pa 100 alionse ogwira ntchito kapena ofuna ntchito anali pa ulova. Umenewo ndiwo mtengo umene dziko linalipira.

Funso: Nanga masheya zimawakhudza bwanji, popeza banki yaikulu siigula kapena kugulitsa makampani?

Yankho: Wogula sheya amagula kachigawo ka phindu limene kampani idzapange mtsogolo, ndipo nthawi zonse amayerekeza ndi kwina kumene akanaika ndalama zake. Tinene kuti sheya ina imakupatsani K100 pachaka. Ngati boma likulipira 5 peresenti kwa amene alibwereka ndalama, mufunika kulibwereka K2,000 kuti mupeze K100 yomweyo, choncho kugula sheyayo pa K2,000 n'komveka. Koma boma likayamba kulipira 10 peresenti, K1,000 yokha ikukwanira kukubweretserani K100, popanda nkhawa yoti kampani ingagwe. Ndani tsopano angapereke K2,000? Mtengo wa sheya uja umatsika ngakhale kampaniyo ikugwira ntchito monga kale. Onjezani apo kuti kampaniyo nayo ili ndi ngongole zimene zadula, ndiponso kuti ogula katundu wake amanga thumba.

Zinayenda chomwechi ku America. Mu Juni 2022 mitengo inali itakwera ndi 9.1 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, zimene zinali zisanaonekenso kuyambira 1981, pamene cholinga cha Federal Reserve ndi 2 peresenti. Kuyambira mu Malichi 2022 mpaka Julayi 2023 bankiyo, motsogozedwa ndi Jerome Powell, inakweza chiwongola dzanja maulendo 11, kuchoka pafupi ndi ziro kufika pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti. Mlingo wa S&P 500, umene umatsata makampani akuluakulu 500, unatsika ndi pafupifupi 19 peresenti mu 2022. Wa Nasdaq unatsika ndi pafupifupi 33 peresenti, chifukwa kumeneko kwadzaza makampani a zipangizo zamakono amene phindu lawo lalikulu limayembekezeka zaka zambiri mtsogolo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngongole ikadula, anthu amafuna phindu la lero, ndipo lolonjezedwa la mtsogolo amaligula motchipa.

Funso: N'chifukwa chiyani msika umatekeseka chotere, lero kugwa mawa kukwera?

Yankho: Chifukwa mtengo wa lero umakhala utamezamo kale zimene anthu akuyembekezera. Chimene chimagwedeza msika ndi kusiyana kwa zimene amayembekezera ndi zimene zalengezedwa. Pa 13 Seputembala 2022 boma la America linalengeza kuti mitengo inakwera ndi 8.3 peresenti mu Ogasiti. Chiwerengerochi chinali chotsikirapo poyerekeza ndi 8.5 ya mu Julayi, komabe S&P 500 inagwa ndi 4.3 peresenti tsiku lomwelo, popeza akatswiri ankayembekezera kuti chitsika kuposa apo. Pa 10 Novembala panalengezedwa 7.7 peresenti, chiwerengero chachikulu ndithu koma chocheperapo pa chimene ankaopa, ndipo mlingo womwewo unakwera ndi 5.5 peresenti.

Ngakhale mawu okha amakwanira. Pa 26 Ogasiti 2022 Powell analankhula kwa mphindi zosakwana khumi ku Jackson Hole, ku America, kutsimikiza kuti bankiyo siibwerera m'mbuyo ngakhale mabanja ndi mabizinesi amve kuwawa. Palibe chiwongola dzanja chimene chinasintha tsikulo, koma msika unatsika ndi zoposa 3 peresenti.

Funso: Tsono bwanji ku Malawi masheya anakwera pamene chiwongola dzanja chinkakweranso?

Yankho: Apa mpamene pagona nkhani. Banki ya Reserve, banki yaikulu ya Malawi, inakweza chiwongola dzanja chake kuchoka pa 12 peresenti kumayambiriro kwa 2022 kufika pa 18 mu Okutobala chaka chomwecho, 24 mu Julayi 2023, kenaka 26 mu Febuluwale 2024. Kukweza kumeneku n'kwakukulu kuposa kwa ku America. Komabe mlingo wa masheya onse pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre unakwera ndi pafupifupi 79 peresenti mu 2023 ndi pafupifupi 55 peresenti mu 2024.

Choyamba choyenera kuyang'ana ndi chiwongola dzanja chimene chimatsala mukachotsapo kukwera kwa mitengo. Ku America, pofika pakati pa 2023, chiwongola dzanja chinali chitapitirira kukwera kwa mitengo, ndipo wobwereka boma ndalama ankapeza phindu lenileni. Ku Malawi, malinga ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, mitengo inkakwera ndi 35 peresenti mu Januwale 2024, ndipo chaka chonsecho chiwerengerocho sichinatsike kufika pa 26. Wosunga ndalama ku akaunti wamba, kumene chiwongola dzanja n'chochepa kwambiri kuposa apo, ankasauka mwezi ndi mwezi akuona. Munthu wotere amathawa kwacha. Ena amagula malo, ena njerwa ndi malata, ena madola pamsika wamseri, ndipo ena amagula masheya.

Chachiwiri, onani makampani amene ali pamsikawo. Kumapeto kwa 2024 analipo 16 okha, ndipo ena mwa akuluakulu ndi mabanki: National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank ndi FMB Capital Holdings. Chiwongola dzanja chokwera chimafinya wobwereka, koma banki ndi wobwereketsa. Ndipo kasitomala wamkulu wa mabanki athu ndi boma, limene limabwereka kudzera mu ngongole za nthawi yochepa zotchedwa Treasury bills ndi zina za nthawi yaitali, zimene mu 2024 zambiri zinali pa chiwongola dzanja choposa 20 peresenti. Banki imene imatenga ndalama za osunga motchipa n'kubwereketsa boma modula chonchi imapeza phindu lalikulu, ndipo masheya ake amakwera. Ndikunena izi mosabisa: gawo la phindu limenelo ndi misonkho yathu, imene ikupita kukalipira chiwongola dzanja m'malo mogula mankhwala m'zipatala.

Palinso kuchepa kwa msikawo. Kuyambira pa lamulo la penshoni la 2011, olemba ntchito ndi antchito amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ndalamazo zimafuna kokhala. Kuzitumiza kunja n'kovuta chifukwa cha malamulo komanso kusowa kwa ndalama zakunja. Ogula amachuluka, ogulitsa ndi ochepa, ndipo mtengo umakwera ngakhale masheya amene asinthana manja ali ochepa. Dziwani kuti msika wopyapyala chonchi ungathenso kugwa mwachangu chomwecho tsiku limene ambiri adzafune kugulitsa nthawi imodzi.

Funso: Ndiye kuti amene anagula masheya analemera?

Yankho: Anateteza chuma chawo, ndipo ambiri anapinduladi. Koma 79 peresenti ija muiwerenge mosamala. Pa 9 Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pafupifupi K1,700, pamene kumayambiriro kwa chakacho inali cha m'ma K1,030. Munthu amene K1 miliyoni yake inakula kufika K1.79 miliyoni, akaiwerengera m'madola pa mtengo wa kubanki amapeza kuti phindu lake silinafike ngakhale 10 peresenti.

Anzathu a ku Zimbabwe amaidziwa bwino nkhaniyi. Mu 2008 masheya a ku Harare ankakwera mochititsa mantha pamene mashelefu a m'masitolo anali opanda kanthu. Chuma sichinkakula, koma ndalama ya dzikolo ndiyo inkatha mphamvu ndipo aliyense ankaitaya kuti agwire chilichonse. Malawi sanafike kumeneko, koma phunziro lake ndi lomwelo: kukwera kwa masheya pakokha si umboni woti dziko likuyenda bwino.

Funso: Kodi banki ya Reserve inalakwitsa kukweza chiwongola dzanja?

Yankho: Sindikuganiza choncho. Ikanachisiya chotsika pamene mitengo ikuthamanga, anthu akanathawa kwacha koposa. Koma tisaiyembekezere kuchita zimene singathe. Gawo lalikulu la ndalama zimene banja la ku Malawi limagwiritsa ntchito limapita ku chakudya, makamaka chimanga. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, zinachepetsa zokolola. Mafuta agalimoto ndi feteleza timagula ndi madola, ndipo madolawo anadula padziko lonse pamene Federal Reserve inkakweza chiwongola dzanja chake, nthawi yomweyo imene nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mitengo ya katundu ameneyu. Chiwongola dzanja sichigwetsa mvula ndipo sichibweretsa madola a fodya. Ndiponso Amalawi ambiri sabwereka kubanki, amadalira banki m'khonde ndi katapila, choncho uthenga wa banki yaikulu suwafika mwachindunji.

Choopsa kwambiri ndi ichi: banki yaikulu ikamachepetsa ndalama pamsika pamene boma likupitiriza kugwiritsa ntchito zoposa zimene limatolera, wofinyika ndi wabizinesi wamng'ono, amene banki imamukana ngongole chifukwa kubwereketsa boma n'kosavuta. Ntchito yochepetsa kukwera kwa mitengo ili m'manja mwa Unduna wa Zachuma ndi Nyumba ya Malamulo monga momwe ilili m'manja mwa gavanala wa banki.

Funso: Munthu wamba amene akuganiza zogula masheya atengepo chiyani?

Yankho: Mukamva kuti msika wakwera ndi maperesenti akutiakuti, funsani kaye kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi angati chaka chomwecho, ndipo kwacha yatsika motani. Funsaninso kumene phindu la kampaniyo likuchokera, chifukwa phindu lodalira ngongole za boma lidzachepa chiwongola dzanja chikadzatsika kapena boma likadzavutika kubweza. Gulani kudzera mwa ogulitsa masheya ovomerezeka ndi banki ya Reserve, musaike zonse pa kampani imodzi, ndipo musagwiritse ntchito ndalama za fizi kapena za feteleza wa chaka chino. Koposa zonse, musabwereke ndalama kuti mugulire masheya.