Kamleme Kogona m'Tsamba la Nthochi

Inu nonse mudziwa mleme waukuru umene umadya mango ndi nkhuyu usiku. Koma alipo mbale wache wamng'ono amene ambiri a inu mukhala naye kuseri kwa nyumba osamzindikira, ndiye kamleme ka m'nthochi, kamene anthu ophunzira akacha Afronycteris nanus. Mjeremani wina, Wilhelm Peters, ndiye anayamba kukalemba m'buku chaka cha 1852, atakapeza ku Inhambane m'dziko la Mozambique.

Kulemera kwache ndi magalamu 3 kapena 4, ngati shuga wa pa supuni ya tiyi. Sikadya zipatso konse ai. Dzuwa likalowa katuruka kukasaka tizirombo touluka, ndipo katipeza mu mdima pomvera mau ache omwe, amene agunda kachirombo nabwerera ku makutu ache.

Chozizwitsa ndi nyumba yache. Tsamba lanthete la nthochi, lisanatambasuke, likhala lokulungika, ndi mphako pakati. M'menemo ndimo kalowa m'bandakucha. Tsambalo ndi loterera, koma kanyamaka kali ndi timinofu totupa pa chala chachikuru cha phiko ndi ku mapazi, ndipo ndi timeneti kagwira osagwa. Tsono nyumba yotereyi siikhalitsa. Pakapita masiku owerengeka tsamba litambasuka, mwini nyumba nakhala poyera, kumene mbalame zingamgwire. Motero asamuka kukafuna tsamba lina, moyo wache wonse. Ndani wa ife angapirire kumanga nyumba yatsopano sabata ndi sabata?

Aphunzitsi awiri, David ndi Meredith Happold, anapenyetsetsa timileme timeneti ku Zomba. Iwo anapeza kuti tikwatana m'nyengo yozizira, koma ana abadwa m'mwezi wa November, pamene mvula iyamba ndi tizirombo tichuruka. Kawirikawiri abadwa mapasa.

Kodi kali pafupi kutha? Iai. Bungwe la IUCN, limene liwerengera nyama zotsala pa dziko lapansi, likaika pakati pa zosadetsa nkhawa, pakuti kapezeka m'maiko ambiri a Afrika. Komabe matenda a chisaka anaononga nthochi zambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, ndipo pamene alimi anazula mitsinde yodwala, anazula ndi pogona pache pomwe. Zikatero kabisala m'maudzu a denga kapena m'masamba a migwalangwa. Chifukwa chache mukakaona pa tsindwi, auzeni ana asakagwire ndi manja, pakuti mleme ungaluma ndi kupatsira matenda. Akaleke chabe, madzulo katuruka kokha.