Kusankha Matayala a Pikiapu

Lero tikambirane za matayala a pikiapu ya theka la tani, monga Nissan 1400 imene inkapangidwa ku South Africa kufikira chaka cha 2008.

Ambiri akalowa m'sitolo amangofunsa mtengo ndi kukula kwa tayala. Komatu matayala awiri angathe kufanana msinkhu, mphamvu zake n'kusiyana kutali. Chinsinsi chili pa zolembedwa m'mbali mwake. Titenge lolembedwa 155R12C 88. Nambala 155 ndi mamilimita a m'lifupi mwake, 12 ndi mainchesi a limu, chilembo C chitanthauza kuti ndi la galimoto yonyamula katundu, ndipo 88 atiuza kuti lingasenze makilogalamu 560. Linzake la galimoto yaing'ono, lolembedwa 77, limalowa bwino lomwe pa limu yomweyo, koma malire ake ndi makilogalamu 412. Pa matayala awiri akumbuyo, kusiyana kumeneku ndi pafupifupi matumba 6 a chimanga. Tayala likalemedwa limatentha, ndipo likatentha lingaphulike galimoto ili pa liwiro, anthu ali kumbuyo.

Tisanamizane: tayala lamphamvu silisandutsa pikiapu kukhala lole. Theka la tani ndi matumba 10 basi.

Inu ogula matayala a kaunjika, mizere yakuya isakunyengeni. Funani manambala anayi osonyeza nthawi imene tayalalo linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata la 23 la chaka cha 2019. Labala akakalamba amauma ndi kuchita ming'alu, ngakhale tayalalo litangokhala m'nkhokwe osayenda.